Khwangwala wa Bwana Desai

Amayi, muli bwanji kumene munapitako? Ndine Enelesi, ndikadali ku Etobicoke, kutsidya kwa nyanja konkuno, m'nyumba ya a Desai.

Kuno masamba ayamba kufiira, ndiye kuti kuzizira kwayandikira. Ndikamaona zimenezi ndimaganiza kuti ku Luchenza anthu ayamba kusosa, fumbi lili kobo m'misewu. Mchemwali wanga Esinati anandilembera kuti wabereka mwana wamkazi ndipo amutcha dzina lanu. Akuti chipumi ndi chanu, ngakhale kaliridwe. Nandolo wachita bwino m'munda wa kuseri kwa njanji, koma denga la khitchini yanu linagwa ndipo palibe walifolera. Ine ndili bwino, ndanenepa pang'ono. Koma sabata yathayi ndinatsala pang'ono kuchotsedwa ntchito chifukwa cha khwangwala, ndipo nkhani yake palibe wina angaimvetse koma inu.

Bwana Desai anamwalira m'nyengo yozizira yapitayi. Mwina mwakumana nawo kumeneko. Ngati mwakumana, ndikhulupirira akukunenererani mtengo wa matimati monga ankachitira pakhonde la sitolo yawo. A Dona, akazi awo, chiyambire amangovala zoyera za umasiye. Nyumba tsopano akuyendetsa ndi a Kiriti, mwana wawo uja munkamupatsa mango akadali ndi kabudula.

Amwenye a kuno alibe kachisi wawowawo ngati wa ku Limbe. Ali ndi wansembe mmodzi amene onse amamutcha Maharaji. Ndi bambo woonda, wa imvi, amene anakhalapo ku Chipata, choncho amayankhula Chinyanja cha ku Zambia. Amanditcha mwana wanga. M'kati mwa sabata amanyamula makatoni m'nyumba yosungiramo katundu pafupi ndi bwalo la ndege. Loweruka ndi Lamlungu amavala nsalu yoyera, n'kukwera basi ndi sutikesi ya bulauni. M'sutikesimo muli timafano tawo, belu, lubani ndi mabuku. Iwo ndiwo amasankha chilembo choyambira dzina la mwana wobadwa kumene, amaona tsiku labwino la ukwati, amaswa kokonati patsogolo pa galimoto yatsopano. Pa maliro a Bwana ndiwo anatsogolera a Kiriti, poti kuno mtembo saotcha ndi nkhuni, mwana wamwamuna amangodina batani.

Tsiku lina akudikira basi m'khitchini mwathu anandifotokozera mmene anaphunzirira. Akuti ali kamnyamata bambo awo anawasiya kunyumba kwa mphunzitsi ku India. Ankadzuka kusanache, kusamba madzi ozizira, kusesa, kenako kubwereza mawu a mapemphero mpaka alowe m'mutu, opanda kuyang'ana m'buku. Akalakwitsa liwu limodzi ankayambira poyamba. Anandionetsa ulusi umene amavala paphewa kuchokera nthawi imeneyo. Anaseka n'kunena kuti mphunzitsiyo anawaphunzitsa zonse, kupatula kuyatsa moto wopatulika m'chipinda chapansi pa nyumba, mawindo ali otseka, mzungu woyandikana naye akufuna kufonera ozimitsa moto. Masiku ano amauyatsira m'chiwaya chowotchera nkhuku chimene sichinaonepo nkhuku.

Mwezi uno ndi umene amwenye amadyetsa akufa awo. Ku Luchenza ankachitira kuseri kwa sitolo, ife osaona, choncho ine sindinkadziwa kanthu. Lachinayi a Maharaji anabwera m'mawa, poti ntchito yawo inali ya masana. Anatsikira pansi ndi a Dona ndi a Kiriti. Ine anandiuza kuti ndikhale pamwamba ndi ana a Kiriti. Ndinkangomva belu ndi fungo la lubani.

Ndikutsuka mbale ndinaona pawindo a Kiriti akuika mbale ya pepala pa kapinga kuseri, pali mibulu ya mpunga yowazidwa chitowe. Analowanso m'nyumba. Ndinaganiza kuti akuziziritsa chakudya cha mapemphero. Posakhalitsa kunatera khwangwala. A kuno alibe kolala yoyera ija munkati anabwereka kwa abusa, ndi akuda thupi lonse, koma kayendedwe ndi komweko, kodumphira cham'mbali ngati alibe cholinga.

Amayi, ndinamva mawu anu m'khutu mwangamu: "Enelesi, maso kumwamba, anapiye atha!" Miyendo inanyamuka yokha. Ndinatuluka ndi tsache, ndinakuwa monga munkakuwira, ine amene m'nyumba muno anthu amachita kundifunsa kawiri kuti amve mawu anga. Khwangwala anauluka asanajomphe n'kamodzi komwe. Ndinatembenuka ndili wokondwa kuti ndapulumutsa chakudya.

Onse atatu anali pa chitseko cha galasi. A Dona anali atagwira pakamwa.

A Maharaji ndiwo anandifotokozera. Mpungawo unali wa Bwana. Khwangwala ndiye amaunyamula kupita nawo kwa womwalira, ndipo akaudya achibale amadziwa kuti munthu wawo walandira, mtima wake uli pansi. Kuno akhwangwala sabwera wamba, mabanja ena amadikira tsiku lonse osamuona. Uyu anabwera msanga, ine n'kumuingitsa.

A Dona sanandikalipire. Anayankhula ndi a Kiriti m'chinenero chawo, koma zaka zonsezi ndatolako mawu. Anati amuna awo abwera kudzadya pakhomo pawo n'kuthamangitsidwa ndi tsache ngati galu, ndipo mtsikanayu asagonenso m'nyumba muno mwezi ukatha. Amayi, mapepala anga okhalira kuno ndi a ntchito ya nyumba ino basi. Kunja kwa mpanda uno ndimangodziwa basi ya kutchalitchi. Ndinaima pomwepo ndi tsache m'manja, osadziwa poliika.

A Maharaji anayang'ana wotchi yawo, kenako anakhala pansi pa sitepe. Anandifunsa amene anandiphunzitsa kukuwa chotero. Ndinati ndi inu. Anafunsa ngati muli moyo. Ndinati ayi, munatisiya chaka chachiwiri nditafika kuno, ndipo uthenga unandipeza atakuikani kale. Sindinamete, sindinaponye dothi, manda anu sindikuwadziwa. Ndinali ndisanauzepo munthu zimenezi ndi pakamwa. A Dona Chichewa amachimva bwino. Anangoyang'ana kumpanda.

Kenako a Maharaji anauza a Dona ndi a Kiriti zimene mphunzitsi wawo anawaphunzitsa. Akuti khwangwala akapanda kudya, sufunafuna wolakwa. Umafunsa chimene womwalirayo anasiya asanamalize, ndipo wachibale amaima pa mbale n'kulonjeza mokweza kuti achimaliza. A Kiriti anayamba. Analonjeza kusamala amayi awo. Analonjeza kupezera mlongo wawo wa ku London banja labwino. Analonjeza ngakhale kusiya fodya, a Maharaji n'kunena kuti limenelo asalonjeze pamaso pa akufa ngati sakutsimikiza. Kumwamba kunali zii, ndege zokha zopita kukatera.

A Maharaji anafunsa a Dona ngati panalibe china. A Dona anangoyang'ana mbale ija. Nthawi inali itatha, choncho a Maharaji analowa m'bafa, anavula nsalu yoyera, anatuluka atavala ovolosi ndi majombo. Ananena kuti akanakhala ku India akanadikira mpaka dzuwa kulowa, koma kapitawo wa kuntchito sadziwa za akhwangwala. Ngati sabwera, mpungawo akautaye mumtsinje, madzinso amafikitsa. Podutsa anandiuza chapansipansi kuti ndikaike tsache pamalo pake. A Kiriti anawaperekeza pa galimoto.

Tinatsala awiri, ana atagona. Ine ndinabwerera ku mbale zanga. Pawindo ndinaona a Dona akutuluka opanda nsapato, pa udzu wozizirawo. Anaima pa mbale ija nthawi yaitali. Atayamba kuyankhula sanayankhule m'chinenero chawo. Anayankhula Chichewa, chawo chija cha m'sitolo, ndipo windo linali lotsegula.

"Munauza mayi wake pakhonde kuti mwana timusunga ngati wathu, ndipo adzabwera kudzamuona. Sitinamutumize. Ndinakana ndine, ana anali aang'ono. Mtsikanayu akhala pano. Mvula ikatha kwawo apita kukaona manda."

Ine sindinkadziwa kuti Bwana anakulonjezani zimenezo. Ndimangokumbuka tsiku limene ankatseka sitolo, amwenye atauzidwa kuti achoke m'midzi, inu mutaima nawo pakhonde, dengu la matimati lili pansi. Madzulo ake munandimangira ndalama ya siliva pa ngodya ya chitenje n'kunena kuti kwa eni ndizidya zimene ndapatsidwa ndipo ndisamayankhe ndili chiimire. Za lonjezo simunanene.

A Dona analowa n'kuima pambali panga pa sinki. Sanandiyang'ane. Madzi ankadontha pampopi. Patapita nthawi khwangwala anatera pampanda. Kaya ndi yemwe uja kaya wina, sindikudziwa. Ine ndi Mkhristu, Amayi, ndipo mumtima ndimaganiza kuti ankangodikira kuti anthu achoke pabwalo, monga amachitira a kwathu. Anatsika, anadumphira cham'mbali, anayang'ana kunyumba. Pamenepo a Dona anandigwira pamkono mwamphamvu, ngati ndingathamangirenso tsache. Khwangwala anajompha mbulu umodzi, anaugwetsa, anautolanso n'kuuluka nawo kudutsa denga la mzungu uja.

A Dona analira, inenso ndinalira, aliyense wake. Dzanja lawo silinachoke pamkono panga mpaka mwana atadzuka.

Madzulo a Dona anafonera a Maharaji kuntchito kuti awauze. Akuti anangoti zili bwino, ndipo auze Enelesi kuti liwu ali nalo, asamalibise.

Dzulo a Dona anandifunsa ngati ndikufuna kukuikirani mbale yanu pa kapinga. Ndinathokoza koma ndinakana. Ndinati amayi anga sangatume khwangwala, angamugende asananyamuke. Anaseka, koyamba chimwalirire Bwana.

Ndiye ndikubwera, Amayi, mvula ikatha. Esinati adzandilondolera pamene mwagona. Ndidzalambula, ndidzabzala maluwa ofiira aja munkawakonda kumpanda wa tchalitchi, ndidzanyamula mwana wa dzina lanu kuti mumuone. Denga la khitchini ndidzapeza wolifolera. Ndipo ndikadzakhala pansi pambali panu, ndidzakuuzani nkhaniyi ndi pakamwa, mokweza, kuti musachite kundifunsa kawiri.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Enelesi