Msonkhano Wokambirana za Mtima wa Bambo Yaw Ntim

BUNGWE LA OVULALA MSANA, NTHAMBI YA KUMASI

Tsiku: Loweruka, 8 Malichi 2025
Malo: Holo ya tchalitchi ku Bantama
Opezeka: Alhaji Issaka Fuseini (Wapampando), Mayi Oforiwaa Darko (Mlembi), Bambo Kwabena Tuffour
Oitanidwa: Dokotala Afrakoma Wiredu, Mayi Adwoa Pomaa (akazi a Bambo Ntim), Bambo Dwomoh (malume a Bambo Ntim)
Osapezeka: Bambo Yaw Ntim, chifukwa cha matenda

1. Kutsegula

Wapampando anatsegula msonkhano nthawi ya 10:25 m'mawa. Anapepesa kuti achedwa chifukwa minibasi zitatu zinakana kunyamula njinga yawo ya olumala.

2. Pempho la banja la Bambo Ntim

Wapampando anakumbutsa komiti kuti Bambo Ntim anathyoka khosi zaka ziwiri zapitazo, lole yawo yonyamula mbewu ya koko itagubuduka. Kuchokera pamenepo, akangowakhazika tsonga magazi amatsika, mtima nkumagunda mwaulesi mpaka kukomoka. Banja lagawanika pa thandizo latsopano, ndipo lapempha komiti kuti ilowererepo.

Dokotala anafotokoza kuti pali kachipangizo komwe amamata pakhungu la kumsana. Kamatumiza timphamvu ta magetsi todzutsa mitsempha yolamulira mtima ndi magazi. Anati kunja ena kawathandiza, koma iwo sanakayesepo pa munthu aliyense.

Bambo Tuffour anafunsa kuti zidzatha bwanji magetsi akadzathima, poti athu ano amabwera ngati alendo. Dokotala anayankha kuti kamayendera batire.

Bambo Dwomoh anakana kwamtuwagalu. Anati Yaw ndi mwana wa mlongo wawo, ndipo pachikhalidwe iwo ndiwo adzayankhe ku mtundu zikadzavuta. Anafunsa Dokotala ngati angalumbire kuti mtimawo sudzaima. Dokotala anati sangalumbire. Magazi akhoza kukwera mopitirira, nchifukwa chake kuyesako kudzachitikira kuchipatala, iwo ali pomwepo.

Mayi Pomaa anati: “Malume, inu mumabwera pa Khirisimasi pokha. Amene ndimamva mtima wa munthuyu ukuzilala m'manja mwanga ndine.” Wapampando anapempha bata. Mawu ena amene anatsatira sanalembedwe.

Mayi Pomaa anatsegula uthenga umene amuna awo anajambula pafoni. Bambo Ntim anati: “Malume, ndikudziwa mukuopa, nanenso ndikuopa. Koma ndatopa kudyetsedwa nsima ya fufu chagada ngati khanda. Ndilekeni ndiyese.”

3. Kuimitsidwa kwa msonkhano

Ali mkati moyankhapo, Wapampando anachita chidima, mutu nkugwera pachifuwa. Dokotala ndi Mayi Pomaa anapendeketsa njinga yawo chambuyo nkuwakweza miyendo. Anatsitsimuka patapita mphindi zinayi, nafunsa ngati Mlembi walembanso zimenezi.

Bambo Dwomoh anafunsa ngati izi ndizo zimachitikira Yaw. Mayi Pomaa anati inde, koma iye amatha mphindi khumi, ndipo pamakhala palibe dokotala. Bambo Dwomoh anapempha kutuluka panja. Anabweranso maso ali psu.

4. Chigamulo

Komiti inagwirizana kuti thupi ndi la Bambo Ntim, choncho mawu omaliza ndi awo. Bambo Dwomoh anati sakuvomera, koma satsekereza. Anapempha kuti kukana kwawo kulembedwe, komanso kuti adzaloledwe kukhala m'chipinda choyeseramo. Dokotala anavomera. Kuyesa kudzachitika Lachiwiri, 8 Epulo.

5. Nkhani zina

Bambo Tuffour anadandaula kuti chitseko cha chimbudzi cha holo ino nchopapatiza. Nkhaniyi yasiyidwira msonkhano wina.

6. Msonkhano wotsatira

Udzachitika Loweruka, 12 Epulo, pamalo omwe ano. Mlembi anafunsa ngati Bambo Ntim atumizidwe kalata yowaitana. Dokotala anayang'ana pansi. Kenaka Bambo Dwomoh anati: “Lembani. Ndidzamukankha pa njinga ndine.”

Msonkhano unatsekedwa nthawi ya 12:10 masana ndi pemphero la Mayi Pomaa, lomwe sanathe kulimaliza.

Wapampando: Alhaji Issaka Fuseini (chidindo cha chala)
Mlembi: Oforiwaa Darko