Bulauzi Yoikira Amayi

Wokondedwa mng'ono wanga Aglaia,

Landira moni wochokera kumudzi. Kaya mwadzuka bwanji ku Torinoko, iwe, alamu anga a Traian ndi mwana wanu Ilinca? Msana uja unasiya kukuvuta? Ine ndilipo, chisanu chayamba kale kumapiri. Koma amayi ndiye ayi. Adokotala a ku Rădăuți anandiitanira pambali n'kundiuza kuti Khirisimasi ya chaka chino mwina sayiona.

Nkhani imene ndakulemberayi ndi ya mlongo wako Octav. Ndikuti wako chifukwa ine ndamukana.

Paja unamva kuti anagula minibasi yotengera alendo ku matchalitchi a masisitere. Ukanamuona! Munthu woti chikwatirire sanapondemo m'tchalitchi, lero amaima pansi pa khoma lojambulidwa zithunzi za Chiweruzo chomaliza atavala chipewa chaubweya cha malemu bambo, thukuta lili kamukamu, n'kumawalozera mtsinje wamoto ndi ambulera. Alendowo amangoti kukamwa yasa, kujambula chiwanda chilichonse, koma wochita chizindikiro cha mtanda palibe.

Akachoka kumeneko amabwera nawo kwathu, akuti adzaone nyumba yeniyeni yakumudzi. Mkazi wake Rodica amayala mazira olocha amene wagula kumsika n'kumati walocha yekha. Rodica yemwe uja, woti ngakhale kuwiritsa dzira kumamukanika! Amayi amawakhazika pakhonde, ulusi m'manja, ngati chidole cha m'sitolo. Zonsezo ndinkangoonera, ndimvekere ndi manyazi awo.

Bokosi la amayi la paulendo womaliza ukulidziwa. Muli nsapato, mpango, makandulo, matawulo a odzanyamula maliro, ndi bulauzi ija anapeta maso asanafe, ya maluwa akuda ndi ofiira a m'mudzi mwathu muno. Amayi amati kutsidyako bambo ndi agogo adzawazindikira ndi maluwa amenewo, ndipo wovala maluwa a eni amangoyendayenda kusowa abale ake.

Mwezi wathawu kunabwera mzimayi wina wofuna zinthu zakale. Octav anatsekula bokosilo amayi akugona, bulauzi n'kumugulitsa. M'malo mwake anaikamo ina ya makina, yogula pa timabenchi ta pachipata cha masisitere. Nzeru zake zinali zoti wakhungu sadziwa kanthu.

Lamulungu amayi anandituma bokosilo, monga amachitira. Anaisisita bulauziyo kunja, kenako anaitembenuza n'kuyendetsa zala mkati. Amvekere, Saveta, iyi wasoka ndani? Amvekere, ulusi uli lendelendewu, manja anga sanasiyepo zoterezi. Sanalire ayi. Anaipinda bwinobwino, n'kundipatsira, n'kutembenukira kukhoma. Mtima wanga unawawa koopsa, Aglaia.

Octav ndinamupeza akutsuka minibasi yake ija. Akuti achemwali, musachite kufuula, nsalu ndi nsalu basi, pansi pa dothi akaiona ndani? Akuti komanso ndi ulemu kwa amayi, chifukwa mzimayiyo akaisunga mugalasi. Nditamufunsa kuti mzimayiyo kwawo n'kuti, akuti kaya Holland kaya Denmark, onsewo ndi ataliatali. Rodica naye anasuzumira pawindo, amvekere alamu, muzithokozako nthawi zina, denga mukugonamolo anakonza ndani?

Ndinkayesa wafika pomaliza, koma ayi ndithu. Anapukuta m'manja n'kunditsitsira mawu, akuti tsikulo likadzafika, kodi pangakhale vuto atabwera alendo ochepa chabe, aulemu, kudzaona maliro enieni a ngolo ya mahatchi? Akuti sadzasokosa. Ndinamuyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kuchipewa cha bambo chija, ndinalavula pansi n'kuchokapo. Munthu ameneyu tinayamwa naye bere limodzi, ine zimandikanika kumvetsa.

Ndagula ulusi ndipo ndayamba kupeta phewa limodzi la bulauzi ina. Koma iwe ukudziwa kuti bulauzi yotere imadya nyengo yonse yachisanu, ndipo amayi nyengoyo alibe.

Tsono pempho langa ndi ili. Uli ndi bulauzi imene amayi anakupetera paukwati wako, manja omwewo, maluwa omwewo. Ndikudziwa kuti ukusungira Ilinca, ndipo ndikudziwa kuti ikalowa m'nthaka sidzatulukanso. Sindikupempha chinthu chaching'ono. Koma Ilinca ndidzamupetera ine, ngakhale zala zindipindike. Usaitumize ndi madalaivala a basi, kapena kudzera kwa Octav. Bwera nayo wekha, uwapatse m'manja aisisite.

Amayi sakudziwa kuti ndakulembera, ndipo akanadziwa akanandikalipira. Akuti chimene anapatsa mwana sangachilande. Andilamula kuti ndidzawaike ndi diresi lawo logonera, akuti bola akafike ausiwa kusiyana n'kukafika atavala za alendo. M'mawa uno ndikuwamwetsa mkaka anandigwira dzanja n'kundifunsa ngati bambo angakazindikire mawu awo akakawaitana, poti mawuwo nawonso akalamba. Ndinangopitiriza kuwamwetsa mkakawo.

Undiperekere moni kwa a Traian, ndipo Ilinca umuuze nkhaniyi iwe mwini, usamubisire. Ukakumana ndi azakhali a Profira kutchalitchi uwauze kuti tikuwakumbuka. Mulungu akusungeni nonse, ndipo akutsekulire njira msanga, chisanu chisanatseke misewu.

Ndine mkulu wako,
Saveta