Mano Anga mu Ketulo

Lolemba, 4 Ogasiti

Ndaphika mano anga. Oikirira aja. Anayamba chikasu, ndiye ndinati Loweruka pokafunsira Mayi Telala a patsidya pa msewu ndikawalitse mkamwa. Ndawaponya mu ketulo, madzi ali bwatabwata. Povuula, opindika ngati nthochi. Akumwamba akukana kulowa, akumunsi akuloza kumadzulo.

Ndalakwa chiyani? Chigwiriro cha ketulo yomweyo ndi pulasitiki, chakhala pamoto kuyambira mkazi wanga ali moyo, osapindika. Manowa pulasitikinso. Mmodzi mwa awiriwa ndi wabodza.

Lachiwiri, 5 Ogasiti

Kwa dotolo wa mano. Waseka mpaka kugwira tebulo. Ine ndimaseketsa anthu ndi nthabwala, osati ndi usinini. Akuti atsopano pakatha sabata ziwiri. Ndamuuza kuti anandigulitsa makandulo, koma mawu atuluka mpweya wokhawokha, sanamve n'komwe. Kukalipa wopanda mano n'kutaya malovu.

Pobwerera ndazembera kuseri kwa shopu ya Mayi Telala ngati wakuba nkhuku. Kalipentala wina amene amawafunanso ali pakhomo pawo, kumwetulira ndi mano obadwa nawo. Fisi.

Lachitatu, 6 Ogasiti

Mzime wanga, wophunzitsa sayansi kusekondale, wabwera kudzandiona. M'malo mwa pepani, phunziro. Akuti mkati mwa pulasitiki muli tizingwe tosaoneka ndi maso. Ta m'mano mwanga tangogonerana ngati ulusi m'dengu, tikatenthedwa timatererana, chinthu n'kupindika. Ta m'chigwiriro n'tomangana mfundo paliponse ngati ukonde, moto ungachipsereze koma sungachifewetse. "Dzina limodzi, Bambo, kamangidwe kosiyana."

Ndiye mfundo anapatsa ketulo, n'kumana mano a munthu? Ulemu uli kuti? Ndipo ine wolekeza sukulu ku pulayimale, maso oonera tizingwe ndikanawagula kuti?

Lachinayi, 7 Ogasiti

Nzeru zam'mawa: ngati kutentha kumafewetsa, ndiwaphikenso, ndiwalume ali otentha, akhale mmene ankakhalira. Ndachita.

Sindilemba zambiri. Usinini matuza okhaokha. Mano tsopano ngati chidendene cha nsapato yakutha. Mzime pafoni: "Bambo, ndinakufotokozerani kapena ndinakutumani?" Mwano. Munthu kumuphunzitsa sukulu kuti adzakuwotche mkamwa.

Loweruka, 9 Ogasiti

Sindinapite. Jekete yosita bwino ili pampando. Phala ndi supuni yaing'ono ngati khanda. Pawindo ndikumva hamala, Kalipentala akuwakhomera shelefu. Ndikanakhala ndi mano ndikanakukuta.

Lamlungu, 10 Ogasiti

Abwera okha. Mayi Telala, pakhomo panga. Akuti msewu wangoti zii sabata yonse, amayesa ndatsogola. Ine mpango kukamwa, duu.

Akhala pansi, ayamba kulankhula. Za malemu amuna awo. Za maso amene ayamba kuphonya bowo la singano. Za mmene nyumba imakulira ana akachoka. Chaka chonse ndikupita kushopu kwawo, zimenezi sindinazimvepo. Kangapo nthabwala yafika pakhosi, matuza n'kuibweza.

Ponyamuka anati: "Madala, chaka chathunthu ndakhala ndikudikira kuti mutseke pakamwa. Mumafunsa, mudziyankha nokha, museka nokha. Munthu alowa pati?"

Ine wolongolola? Ine? Ndakwiya koopsa.

Akuti abweranso mawa.

Lachitatu, 20 Ogasiti

Uthenga wa dotolo: mano atsopano akonzeka. Mzime akulimbikira kuti tikatenge lero, ati wandilembera ndi kapepala komata pa ketulo. Achipongwe.

Matuza anapola kale, sindinauze munthu. Dzulo Mayi Telala anayenda m'chipinda chochezera ndi tepi yawo, kuyeza pansi pa windo. Anafunsa ngati makina osokera angakwane pamenepo. Ndinangogwedeza mutu.

Abweranso masana ano. Nkhani ya mng'ono wawo anailekezera pakati.

Mano ayambe adikira.