Kola Ili ndi Mbali Ziwiri Zokha

Lolemba, 3 Febuluwale

Dokotala wa maso wakana kusaina. Diso lakumanzere la amunanga likufa pang'onopang'ono, mtsempha wake akuti subwerera. Popanda chilolezo chake, a Vamara sangayendetsenso galimoto pampikisano. Ndipo mpikisano waukulu wa kuno ku Bouaké uli pa 22.

Pobwerera ndinayendetsa ndine, koyamba chikwatiranireni. Iwo pampando wanga, phazi likupondaponda buleki yomwe kulibe. "Mayi a Nabintou, mukuchedwa kusintha giya." Mawu okhawo ulendo wonse. Mpunga sanaukhudze.

Lachinayi, 6 Febuluwale

Zaka makumi awiri ndili kudzanja lawo lamanja, kuwawerengera msewu. Kona kumanja, mlatho wopapatiza, dzenje kuseri kwa chitunda, pondani! Iwo kumvera mawu anga m'fumbi loti suona ngakhale boneti. Kunyumba samandimvera choncho, ndisaname.

Eni kampani ya mtedza wa kashu, amene amatithandiza ndalama, anabwera ku galaja. Akuti apitiriza, dzina la banja lathu la Diabagaté likhalebe pazitseko, bola galimoto ioneke pamzere pa 22. Woyendetsa apezeke wina. Kuyambira lero a Vamara ndi mwini timu basi. Kusaka matayala, kukangana ndi ogulitsa mafuta, kudyetsa amakaniko ndi mabanja awo. Matayalawo akweranso mtengo.

Lamulungu, 9 Febuluwale

Asankha Zoumana, uja ankayendetsa takisi kumsika waukulu. Mapazi abwino, mutu wotentha. Koma alibe womuwerengera msewu. M'galaja monse maso pa ine.

Ndakana. Mpando umenewo ndimakhalira munthu mmodzi. Atayike galimoto, atayikenso ine? Ayi.

Lachitatu, 12 Febuluwale

Masana ndawapeza m'galimoto ili pa majeki, yopanda matayala. Chisoti pamiyendo, manja pachiwongolero, milomo ikugwedezeka. Ndinabwerera chonyang'ama n'kukalira kuseri kwa migolo ya oyilo.

Atatuluka, amakaniko onse anachiona chifukwa cha sipanala yosowa. Inali m'thumba mwawo. Palibe anayerekeza kuseka, kupatula ine.

Loweruka, 15 Febuluwale

Zoumana wayeserera ndi mnzake wina. Mnzakeyo anatchula kona atadutsa kale. Galimoto m'munda wa zilazi. Onse amoyo, mwini munda tamupepesa ndi mafalanka amene anali a matayala.

Madzulo, ndikukazinga nthochi, a Vamara anaima pakhomo la khitchini. Sabwerako kumeneko. "Mwana wa eniake uja afa ndi anthu obwebweta. Mawu anu ndimawadziwa ine. Kakhaleni naye." Ndinafunsa kuti nanga inu? "Ine ndine bwana tsopano. Mabwana amakhala pamthunzi n'kumamera mimba." Anaseka okha.

Nthochi zinapserera. Ndavomera.

Lachitatu, 19 Febuluwale

Masiku atatu m'fumbi ndi Zoumana. Tsiku loyamba ulemu unamuchulukira: "Mayi, mukati ponda ndimaopa kukuphani." Ndinamuuza kuti amene amapha ndi wokayika, ponda! Tsopano akumva. Pa makona ataliatali amaposa a Vamara. Zimenezi ndalemba muno mokha.

Chondisowetsa mtendere ndi kola, mtedza wowawa uja timatafuna kuno. Mpikisano uliwonse, tisanavale zisoti, amunanga amang'amba kola imodzi, mbali yawo, mbali yanga. Timaisunga m'tsaya mpaka kumapeto. Amati abale awo anabweretsa dengu la kola kwathu podzandifunsira, ndiye iwo akupitiriza kufunsira. Kola ili ndi mbali ziwiri zokha. Mipando nayo iwiri yokha.

Lero ndaona kola m'thumba la malaya awo. Sindinafunse. Mtima ukundipweteka.

Loweruka, 22 Febuluwale

Tamaliza pa nambala folo. Galimoto yathunthu, a kashu mano onse pamtunda. Koma si zimene ndikufuna kulemba.

M'mawa, tili pamzere, anabwera atavala malaya oyera aubwana, osita. Sindinawazolowere. Anaweramira pawindo, kola m'manja, n'kuing'amba ndi chikhadabo. Mbali ina kwa ine. Inayo anaiyang'ana, anaiyang'anabe. Kenako m'dzanja la Zoumana. "Akati ponda, uponde. Akati leka, uleke. Undibwezere mkazi wanga, wamva?" Zoumana analandira ndi manja awiri.

Iwo kutsala chimanjamanja. Potembenuka mofulumira anagunda mgolo, mbali yosaona ija, n'kunamizira kuukonza.

Malamba ndinali nditamanga kale. Ndinamasula. Oyang'anira kukuwa, galimoto yakutsogolo itanyamuka. Ndinaluma mbali yanga pakati, chidutswa n'kuwafumbatitsa. "Kola sagawa patatu, mayi inu." Ndinati lero tagawa.

Fumbi tsiku lonse. Pofika kumapeto dzuwa litapendeka, ndinawaona ali chiimire padzuwa, mthunzi wa mabwana uja atausiyira ena, malaya oyera atafiira. Tsaya lakumanja lotupa pang'ono. Sanatafune. Anadikira mpaka nditavula chisoti, tinatafunira limodzi. Kuwawa kwake!

Mawa ulendo wa ku Abidjan kukaona injini yogula. Akuti ndiyendetse ine, iwo andiwerengera msewu, akuti amaudziwa ndi msana, maso n'ngachiyani. Ayamba kale kuyeserera pakhondepa, ndikuwamva. Kona kumanja, mlatho wopapatiza. Akutengera mawu anga, mwachipongwe. Ndikupita ndikawaphunzitse.