Katundu wa Bambo pa Okushoni ya pa Foni

Luwinga, Mzuzu
24 Juni 2023

Wokondedwa mlongo wanga Hudson,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupeza uli bwino ku Joni kumeneko, ndi kuti chifuwa chomwe unkadandaula nacho mwezi watha chinakusiya. Ife kuno tilipo. Mzuzu ndi yemwe uja umamudziwa mu Juni, mvula yamawawa m'mawa ndi kuzizira kolowa m'mafupa. Amayi akumwa mankhwala awo a BP mosadumphitsa. Mwana wako Sharon wachoka mano awiri akutsogolo, moti akaseka amagwira pakamwa.

Usadabwe kuti ndalemba papepala pomwe foni ilipo. Uthenga wa pa foni umafufutika, ndipo munthu amatha kunena kuti sunafike. Kalatayi ndapatsira a Goodwell a basi aja, ndipo ndawauza kuti aipereke m'manja mwako, osati kwa mnzako wogona naye nyumba.

Luwinga wasintha chichokere iwe. Paliponse pamene panali chimanga pamangidwa timanyumba ta ana a ku yunivesite. Anawa akamatsekera sukulu sanyamula katundu, amagulitsa. Ndiye anayambitsa gulupu ya pa WhatsApp ya okushoni. Wogulitsa amaika chithunzi m'mawa ndi mtengo woyambira, anthu n'kumakweza mpaka folo koloko madzulo. Watchula mtengo waukulu ndiye watenga, alipire pa foni, wakabaza amubweretsere. Tsopano muli anthu a tauni yonse. Ine ndinalowamo pofuna ketulo yamagetsi ya ku ofesi kwathu ku laibulale.

Mu Epulo, Lachinayi lina, ndinaonamo shelefu ya mabuku ya mlombwa. Wogulitsa ankadzitcha "Katundu Wabwino". Mashelefu a mlombwa ndi ambiri, choncho sindinathamange. Ndinakulitsa chithunzicho. Pamwamba pake, kumanzere, panali chipsera cha ayironi, chomwe unawotcha iwe uli Fomu 2 ukusita yunifolomu mobisala. Pansi panali simenti yofiira yokhala ndi mng'alu wopita kukhomo. Ndi chipinda chakuseri cha kunyumba kwathu ku Chiputula, momwe tinatsekera katundu wa malemu bambo.

Ukukumbukira zomwe tinagwirizana pamaliro: katunduyo asakhudzidwe mpaka amalume a Percy abwere kuchokera ku Ntcheu, timange chiliza, ndiyeno agawe pamaso pa onse. Kiyi inapachikidwa kuchipinda kwa amayi. Koma Lachinayi amayi amakhala ku Umanyano, msonkhano wa azimayi a ku tchalitchi, tsiku lonse, ndipo pakhomo pamatsala mkazi wako Bridget.

Sindinafune kuti shelefuyo ipite kwa mlendo, komanso sindinafune wogulitsayo adziwe kuti ndaona. Ndinabwereka foni ya Peggy, mnzanga wa kuntchito, n'kupikisana nawo. Ndinapambana. Tsiku lomwelo ndinakuimbira kukufunsa ngati ukudziwa kanthu za katundu wa bambo. Unati ayi, kiyi ili ndi amayi. Kumeneko kunali kukufunsa koyamba.

Patapita milungu iwiri inatuluka njinga ya bambo, kenako makina awo otayipira. Zonse zinkatuluka Lachinayi, ndipo zonse ndinagula ine, pa foni ya Peggy. Polipira, ukalemba nambala ya munthu, foni imayamba yakuonetsa dzina la mwini wake usanavomereze. Ulendo woyamba analipira ndi Peggy ine ndili ndi ophunzira, ndipo dzinalo sanalisamale. Pa njinga ndinagwira foni ndekha. Dzina linatuluka la Bridget.

Ndinakuimbiranso n'kukuuza za dzinalo. Unati akazi a masiku ano ndi ovuta, umufunsa bwino. Kumeneko kunali kukufunsa kwachiwiri.

Apa ndiye pali kulakwa kwanga, ndipo ndikuvomera. Ine amene ndimauza ophunzira tsiku ndi tsiku kuti asamakhulupirire buku limodzi, ndinakhulupirira dzina limodzi. Ndinauza azakhali a Mary. Ndinati asunge kaye, koma azakhali ukuwadziwa. Lisanafike Lamulungu anali atakafika ku Chiputula, atatsegulitsa chipinda, amayi ataona pomwe panali shelefu pali fumbi lokha lamakona anayi.

Kuyambira tsiku limenelo amayi sakudya chakudya chophika Bridget. Amadziphikira okha pambaula, ndi miyendo yotupa ija. Azakhali akuti iwo ananena kalekale kuti kukwatira kutali ndi kwathu ku Ntcheu n'kudziputira, ndipo amalume akangofika pa 8 Julaye, Bridget aperekezedwe kwawo ku Ekwendeni. Za Sharon akuti zikambidwa konko. Ku tchalitchi azimayi ayamba kusuntha zikwama zawo iye akakhala pafupi.

Ndinapita kukamuona ndekha. Ndinamupeza akuchapa kuseri, manja atachita kuyera ndi madzi ozizira. Ndinamuonetsa zithunzi zonse ndi dzina lake. Sanakane. Anavomera kuti anajambula ndi iye, wakabaza anamuitana ndi iye, nambala ndi yake. Nditamufunsa kuti anachitiranji zimenezi pamene amayi amamutenga ngati mwana wawo, anafinya malaya a Sharon nthawi yaitali, n'kunena kuti, "Alamu, yayi, pamenepo musandifunse ine. Ine ndine mlendo pakhomo pano." Ndinamufunsa ngati pali wina womutuma. Anangoti yewo chomene, kundithokoza pobwera kudzamufunsa pamaso, chifukwa enawo amangomulankhulira kumbali.

Ndinabwerera ku Luwinga ndili ndi funso. Munthu wakuba sajambula chipinda cha apongozi ake osatchinga n'komwe pansi, ndipo salandirira pa nambala ya dzina lake. Bridget savala chatsopano, tsitsi lake ndi lomwe lija la Khirisimasi. Ndinachita zomwe ndikanayenera kuchita ndisanatsegule pakamwa kwa azakhali. Ndinasindikiza mauthenga onse a maokushoni atatu aja, n'kuwayala patebulo la ku laibulale Loweruka masana kulibe anthu, n'kuwawerenga ndi pensulo.

Pa malonda onse atatu panali munthu mmodzi wopanda chithunzi, wopanda dzina, nambala yothera 417. Sanagulepo kanthu chilowere m'gulupumo. Sanapikisanepo pa matiresi kapena mafiriji a ana asukulu, koma pa katundu wa "Katundu Wabwino" yekha. Ankalowa nthawi ya wani koloko, nthawi yopumira anthu apantchito. Anthu otere alipo m'magulupu amenewa: wogulitsa amapangana ndi mnzake kuti azikankha mtengo, ogula enieni atenthe mtima, iye n'kuchoka nthawi isanakwane. Zimenezo sizinandidabwitse.

Chinandidabwitsa ndi kakwezedwe kake. Anzake akamakweza ndi masauzande athunthu, iye ankaikapo K300 pamwamba. Ndipo ankakweza katatu, n'kuleka. Pa shelefu katatu. Pa njinga katatu. Pa makina katatu.

Hudson, ndani anatiphunzitsa zimenezi? Ukukumbukira bambo akutitenga tonse awiri ku okushoni ya mipando yakale ya boma, komwe anagula shelefu yomweyi? Anatiuza kuti anzako akamatchula ndalama zathunthu iwe uziikapo kakobiri pamwamba, ndipo ukakweza katatu uzileka, chifukwa kachinayi amakweza ndi mtima, osati mutu. Ankabwereza mawu amenewa ngakhale pogula mbatata pamsika wa Chiputula mpaka amayi kuwaseka.

Komabe chizolowezi si umboni. Mwina pali bambo wina ku Mzuzu kuno amene anaphunzitsa ana ake chimodzimodzi. Ndiye ndinalemba nambalayo ngati ndikufuna kuitumizira kanthu. Dzina linatuluka lako. Ndi laini ija unagula utatsala pang'ono kunyamuka, yomwe unatiuza kuti inatayika pa boda.

Ndinaganizanso kuti mwina anaitola wina, kapena unaisiyira Bridget. Lolemba nthawi ya wani koloko ndinaimba pa WhatsApp ya nambalayo ndi foni ya Peggy. Inayankhidwa. Kumbuyo kunali mahutala a mataxi ndi anthu olankhula chinenero cha kumeneko. Munthuyo anati halo kawiri. Ndinadula. Mawu ako ndinawadziwa uli wakhanda ndikukubereka kumbuyo, sindingawasokoneze ndi a wina.

Choncho zomwe ndikudziwa ndi izi. Katundu wa bambo ankagulitsidwa iwe ukudziwa. Unkakankha mtengo uli ku Joni, osadziwa kuti amene ukumukankhayo ndi mlongo wako. Dzina loonekera linali la mkazi wako, lako linabisala. Ndipo nditakuuza kuti dzina latuluka lake, unati akazi a masiku ano ndi ovuta. Pa zonsezi, mawu amenewo ndi omwe akundivuta kuwameza.

Zomwe sindikudziwa ndi chifukwa chake, ndipo sindilemba zongoganiza. Ngati ntchito inatha, ukanangonena. Si iwe woyamba kuvutika kunja. Shelefu ndi matabwa, njinga ndi chitsulo, ndipo pogawa mwina zikanagwera iwe yemwe. Zonse zili kwanga kuno, zosawonongeka, ndipo ndidzazibweza m'chipinda muja amalume asanafike. Za zimenezo usade nkhawa, sindidzazitchulanso.

Koma Bridget sindingamubweze pamalo pake ndekha. Ine ndinamuipitsira mbiri pothamanga, ndipo dzulo ndinakamupepesa, ndinauzanso azakhali kuti nkhaniyi sinathe, adekhe. Azakhaliwo anandiyankha kuti maphunziro andipusitsa. Amayi sangamvere mapepala anga kuposa mwana wawo wamwamuna. Ayenera kumva kuchokera pakamwa pako. Mkazi uja wakhala milungu itatu akudya yekha kukhitchini, akusunga dzina lako pamene lake likutha. Mwina unamuuza kuti akaulula banja latha. Mwina akungokukonda. Chilichonse mwa ziwirizi, sakuyenera kukwera minibasi ya ku Ekwendeni ndi dzina la wakuba.

Pempho langa ndi limodzi. Imbira amayi lisanafike tsiku la 8 Julaye. Uwauze wekha, Bridget ali pomwepo akumva. Ukatero uimbirenso amalume ndi azakhali. Adzakalipa, amayi adzalira, koma udzakhalabe mwana wawo. Ine ndidzakhala mbali yako pokambirana zotsalazo, ndipo ngati zinthu zavuta kumeneko tidzaona mmene ungabwerere kumudzi.

Ukapanda kutero, pa 8 Julaye ndidzayala mapepala aja pamphasa pamaso pa amalume, ndipo ndidzaimba nambala yothera 417 onse akumva. Sindikukuopseza. Ndikukuuziratu kuti usadzati mlongo wako anakutchera msampha.

Ambuye akusunge pa ntchito ndi m'misewu ya kumeneko, akupatsenso mphamvu ya kunyamula foni. Undiperekere moni kwa msuweni wathu Amos ndi banja lake ngati mumaonanabe. Sharon wajambula nyumba kuseri kwa pepalali, akuti munthu wamtali waima pakhomoyo ndi iwe.

Ndinakufunsa mu Epulo, unati sukudziwa. Ndinakufunsa mu Meyi, unaloza mkazi wako. Kalatayi ndi kachitatu, ndipo bambo anatiphunzitsa tonse awiri pomwe munthu amalekera.

Ndine mlongo wako wokukonda,
Flora