Khoswe wa Nambala 14

Lolemba, 3 Malichi
Makola a makoswe makumi atatu lero kuntchito. Utuchi watsopano, kutsuka mabotolo a madzi, kukolopa. Msana wanga ine. Makoswe a m'makola omata mapepala ofiira sakhala pansi. Adokotala amene amawafufuza akuti anabadwa ndi BP, akufuna kudziwa ngati ndiyo imawayendetsa chonchi. Kamera pamwamba imawerenga mayendedwe awo. Wa nambala 14 ndiye bambo a kunyumba enieni. Zungulizunguli tsiku lonse.

Lachinayi, 6 Malichi
Bambo akananso mapiritsi awo a BP. "Amandifoola, mayi. Macheka ndigwira ndi chiyani?" Koma mutu ukuwawawa kunkhongo. Nanga ngati akunena zoona? Nanga ngati ndikuwapha ndine powakakamiza?

Lachisanu, 7 Malichi
Ndachita chinthu. Ndasinja kachidutswa ka piritsi lawo, ndathira m'botolo la 14. Matenda ake si omwewo? Ndione ndekha ngati amafooladi. 

Lolemba, 10 Malichi
14 wagona pakona, maso okha. Chakudya osakhudza. Adokotala anayang'ana pakompyuta nthawi yaitali. "Ameneyu watani? Watisokonezera zonse." Ine kukolopa pokolopa kale.
Kunyumba ndawauza bambo kuti basi, asiye kumwa mapiritsi aja. Anaseka mpaka kutsokomola. "Khoswe ndiye dokotala wathu tsopano." Anandigwira paphewa. Ndi kale zimenezo.

Lachinayi, 20 Malichi
Kuchipatala. Bambo anagwa Lachiwiri thabwa lili m'manja. Dzanja lamanja ndi mwendo zii. Pakamwa papotoka. Akufuna kundiuza chinachake, sichikutuluka. Anamwino anafunsa ngati mankhwala amamwa. Ndinati amaiwala.

Lolemba, 24 Malichi
Ndabwerera kuntchito, alamu ndiwo akuwadikirira bambo kuchipatala. Ndawauza adokotala a makoswe aja zonse. Sanakalipe, bola akanakalipa. Akuti kanyama kolemera ngati sopo, kachidutswa kaja kanali ngati munthu kumwa botolo lonse la mapiritsi kamodzi. Aliyense angafooke. "Mukanangondifunsa, mayi." Za ntchito yanga akuti tikambirana Lachisanu. Ikatha, njinga ya olumala ndiitenga kuti?
14 wadzuka. Akuzunguliranso khola lonse, kamera ikuwerenga. Ndinaima pomwepo ndi tsache, misozi. Zaka zonsezi ndinkangoti bambo khalani pansi, takhalani pansi.
Akhala.