Nyimbo Imene Ndinaba Kumsasa

Milange,
Zambezia,
10 Seputembala 1995

Okondedwa achemwali anga a Natália,

Ndikhulupirira kuti kalata ino ikupezani muli bwino kumeneko ku Dwangwa, inu pamodzi ndi alamu anga a Yonasi. Ine kuno thupi lilibe vuto, koma chakudya sichikundikomera, ndipo mukamaliza kuwerenga mudziwa chifukwa chake. Kalatayi ndapatsira a Vasco ogulitsa nyemba kuti akaiponye ku Muloza, ifike msanga.

Choyamba, kalata ija ndinakulemberani mu Julayi muing'ambe. Inu munandilembera kuti ndinu oyembekezera, ndipo popeza ndi mimba yoyamba mukufuna kudzachirira kwathu ku Mongue, m'manja mwa amayi aakulu a Marta, monga akanafunira malemu amayi athu. Ine ndinakuyankhani kuti musabwere, ati denga silinafoleredwe, ati msewu ukadali ndi mabomba okwirira. Linali bodza lokhalokha. Denga ndinali nditafolera kale ndi manja angawa, ndipo mumsewu njinga zikudutsa tsiku ndi tsiku zitasenza chimanga. Zoona zake n'zakuti amayi aakulu anali atanena kuti musadzapondenso pakhomo pawo, ndipo amene anakuipitsirani dzina ndi ine, mlongo wanu.

Ndiloleni ndiyambire kutali, chifukwa nkhaniyi ndi yakale.

Mukukumbukira chaka chimene munavinidwa, tili kumsasa wa othawa nkhondo kutsidya kwa mtsinje wa Ruo? Kukanakhala kwathu, chinamwali chikanachitikira kutchire, kutali ndi makutu a amuna. Koma kumsasa tchire linali kuti? Zisakasa zinali zothithikana moti munthu akatsokomola, wa nyumba yachitatu ankayankha kuti pepani. Choncho amayi aakulu, pokhala anamkungwi, analamula kuti amuna onse a mzere wathu apite kumtsinje m'mawa, asabwere mpaka dzuwa litapendeka. Amuna onse anamvera. Ine ndinanyamuka nawo, koma nditafika pamjigo ndinazemba, n'kukalowa m'kachisakasa ka nkhuni koyandikana ndi tsimba lanu. Sindinasuzumire, Mulungu ndi mboni. Ndinkangofuna kumva. Matenda anga mukuwadziwa: nyimbo ikandidutsa m'khutu ndimaitsatira ngati mbuzi yoona madeya. Tsiku limenelo anaimba zambiri, koma imodzi inandikakamira. Mawu ake sindilemba pano.

Chaka chotsatira ndinathawira ku Limbe n'kulowa bandi ya a Goodluck, ija munkaiseka kuti ndi chigayo chovala nsapato. Tinkaimba nyimbo zachizungu za roko ndi magitala amagetsi m'malo omwera mowa. Ndinkavala jekete yachikopa mu Okutobala, thukuta lili kamukamu, n'kumadziona ngati munthu. Anthu akandifunsa kwathu ndinkati ku Mulanje, kuopa kutchedwa wothawa nkhondo. Chingerezi chimene ndinkakuwa sindinkachimva, ndipo a Goodluck amene ankandiphunzitsawo ndikukayika ngati ankachimva. Nyimbo ya kutsimba ija ndinaithamangitsa, n'kuiveka mawu achizungu, ndipo anthu ankaivina mpaka kugwetsa mabotolo. Palibe anaizindikira. Bandi ya a Goodluck itatha chifukwa cholimbirana zokuzira mawu, ndinalowa ina ya ku Ndirande, ndipo kumenekonso yodzaza anthu inali yomweyo. Zaka zisanu ndinkaimba chinthu chakuba n'kumauza anthu kuti ndinapeka ndine.

Mtendere utabwera ndinakwera lole ya obwerera, monga mukudziwa. Pa Milange gitala yamagetsi inangosanduka thabwa, nanga magetsi ake akanachokera kuti? Ndinaisinthanitsa ndi njinga, ndipo a Ednilson akalipentala anandikhomera gitala yabokosi, nsambo zake waya wa mabuleki. Tsiku loyamba pamsika ndinayesa zija za ku Limbe. Mayi wina wogulitsa makaka anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anafunsa mnzake mokweza kuti, "Kodi mwana wa eniakeyu nkhondo inamuvulaza mutu?"

Funso limenelo linandichiritsa. Ndinasiya kukuwa, n'kuyamba kupeka za kwathu, m'Chinyanja ndi m'Chilomwe. Ndinapeka ya bambo amene anabwerera n'kupeza mtengo utamera pakati pa chipinda chake, ya makasu amene anatigawira opanda mipini, ya amayi athu amene tinawasiya m'manda a kutsidya. Anthu ankatula mitolo n'kuima. Ena ankapukuta misozi, ena ankandiuza za kwawo kuti ndikaziike m'nyimbo. Kwa nthawi yoyamba ndinkaimba zimene ndinkazimva, kwa anthu amene ankazimva. Ndinasangalala, achemwali, ndipo mutu unakula.

Mu Juni anatsegulira sukulu ya ku Mongue, ija tinkaumbira njerwa chaka chatha. Aphunzitsi atsopano, a Narciso, anandipempha kuti ndikaimbe. Mudzi wonse unabwera, amayi mbali yawo, abambo mbali yawo, ana kutsogolo. Ndinaimba zitatu, nthungululu zinamveka, koma mtima wanga sunakhutire. Ndinkafuna imene adzaikambe mpaka chaka chamawa. Ndiye ndinadziuza kuti, popeza zonse zikubwerera kwawo, nyimbo ijanso ndiivule zachizungu, ibwerere m'mawu ake enieni. Sindinganame kuti sindinkadziwa kuti ndi ya kutsimba. Ndinkadziwa. Kungoti zaka za ku Limbe zinandizoloweretsa kuiona ngati yanga, ndipo ndinkaganiza kuti nkhondo inapita nazo zinthu ngati zimenezi.

Ndinaiyamba pang'onopang'ono, monga momwe inkaimbidwira tsiku lija. Mzere woyamba, manja a amayi anaima. Mzere wachiwiri, a Verónica, mwana wa amayi aakulu, anatseka makutu a mtsikana wawo. Kenako amayi anayamba kufunda zitenje kumutu n'kumanyamuka mmodzimmodzi, akukankha atsikana patsogolo. Abambo achikulire anazolika. Ine ndinapitiriza mpaka kumapeto, chifukwa poimira sindinapadziwe. Nditamaliza anawomba m'manja anali a Narciso okha, iwo pokhala a ku Quelimane, akuyamikira m'Chipwitikizi kuti "Muito bem, muito bem," mpaka anazindikira kuti ali okha.

M'mawa mwake amayi aakulu anandiitanitsa. Ndinawapeza pakhonde ndi amayi ena atatu achikulire, mphasa ya ine palibe.

"Iwe Olímpio, khala pansi pomwepo," anatero amayi aakulu. "Zija unaimba dzulo unazitenga kuti?"

"Ndinangozimva, amayi."

"Kuzimva kuti? Zimaimbidwa pa wailesi zimene zija? Mwamuna sangazidziwe popanda mkazi womuuza. Titchulire dzina."

Ndinayang'ana pansi. Kunena pamaso pa amayi anayi kuti ine, mnyamata wa ndevu kale, ndinabisala m'nkhuni tsiku la chinamwali cha mlongo wanga, zinandikanika. Ndinaganiza kuti inu muli kutali, mawu a ku Mongue sangakafike ku Dwangwa, ndipo pakapita miyezi anthu adzaiwala. Ndiye ndinati, "Achemwali ankaiimba akamachapa, ine n'kumamva."

"Natália? Mwana amene ndinamulanga ndekha?"

Ndinagwedeza mutu kuvomera. Amayi aakulu anati, "Chabwino. Pakhomo panga asadzapondepo."

Patangopita masabata awiri kalata yanu inafika, ili ndi tsamba lapadera la amayi aakulu, loti ndikawawerengere. Ndinapita, ndinawawerengera mawu onse, ngakhale aja munati mulibe mayi wina koma iwo. Achemwali, amayi aakulu analira. Analira ndili pomwepo, pepala lili m'manja mwanga, kenako anapukuta m'maso n'kunena kuti, "Manja anga sangalandire mwana wa munthu amene anandivula pagulu. Akachirire kwa apongozi ake." Imeneyo inali nthawi yoti ndilankhule. Ndinapinda kalata, n'kutsanzika, n'kupalasa njinga kubwerera ku Milange, ndipo nditafika ndinakulemberani za denga ndi mabomba.

Yankho lanu linafika kumapeto kwa Ogasiti. Simunandikayikire ngakhale pang'ono. Munangoti mudikira mpaka ndimalize kufolera, munandichenjeza kuti ndisamayende m'njira zachidule, ndipo mu envulopu munaikamo nsambo zisanu ndi imodzi zogula kusitolo, ati mwandimvera chisoni ndi waya wa mabuleki. Ndinazitulutsa pamsika anzanga akuona, iwo akuti mlongo wako ndi munthu. Manyazi amene anandigwira tsiku limenelo sindinawamvepo chibadwire. Mawa lake ndinapita ku Mongue.

Ndinawapeza amayi aakulu akusenda chinangwa. Ndinagwada n'kuwauza zonse, za mjigo, za kachisakasa ka nkhuni, za ku Limbe, za kalata yabodza. Iwo sanasiye kusenda mpaka nditamaliza.

"Ndiye kuti miyezi yonseyi ndakhala ndikudana ndi mwana wosalakwa," anatero, "iwe ukudya m'mbale yanga."

"Ndalakwa, amayi. Ndikhululukireni."

"Zokhululuka zisiye kaye. Bodza unalinena kwa anthu anayi, koma lero lili m'nyumba iliyonse. Kumtsinje atsikana akulozerana kuti musakhale ngati Natália. Ukalichotse komwe lafika."

Lamulungu lapitali, mapemphero atatha, ndinaimirira panja pa tchalitchi anthu asanabalalike. Ndakhala ndikuima pamaso pa anthu zaka zambiri, koma popanda gitala manja sindinadziwe powaika. Ndinanena kuti nyimbo ija sindinaimve kwa Natália, ndinaiba ndekha nditabisala, ndipo dzina lanu ndinalitchula chifukwa cha mantha. Ndinabwereza m'Chilomwe kuti pasapezeke wonena kuti sanamve. Anyamata ndiwo anaphulika kuseka, ndipo mpaka lero a njinga zonyamula anthu akandiona pamsika amati, "Mwadzuka bwanji anamwali?" Ndimayankha kuti ndadzuka bwino, nanga ndingatani. Oima kuti amve nyimbo zanga achepa, makamaka amayi, ndipo sindikuwaimba mlandu.

Chigamulo amayi aakulu anandiuza masana omwewo, pakhonde lomwe lija. Ndikulemberani monga ananenera, osachotsapo kanthu.

"Natália abwere, ndikumudikira. Umuuze kuti nanenso ndinalakwa pokhulupirira osamufunsa. Nyimbo ija ifere m'kamwa mwako, kaya ndi mawu athu kaya ndi achizungu. Ndipo iwe makutu ako ndi akuba. Pakhomo pano pachitika zachisamba, pachitika zauchembere. Kuyambira tsiku limene mlongo wako afike mpaka mwana atatuluka m'chikuta, usadutse kamtsinje kaja ka kumunsi kwa dimba."

Ndinavomera. Ndinkalota kuti ine monga malume ndidzakhala panja kudikira nthungululu, n'kukhala woyamba kufunsa kuti kwabwera mlendo wanji. Tsopano ndidzamvera kwa odutsa pamsika, ndipo n'zondiyenera.

Choncho bwerani, achemwali, mvula isanayambe. Nyumba ndi yofolera bwino, pansi a Verónica azira kale, ndipo amayi aakulu aika padera chitenje chatsopano. Mundilembere tsiku. Ndidzakudikirani pamalire, tidzakwera limodzi galimoto ya ku Mongue, ndipo kuchokera pamsewu katundu ndidzamukankha panjinga mpaka pakamtsinje. A Verónica adzakulandirani kutsidya kwake. Ngati nkhope yanga simukufuna kuiona, musavutike kufotokoza, mungolemba kuti abwere a Vasco, ndipo ndidzawapempha.

Sindikupemphani kuti mundiyankhe mokoma. Miyezi iwiri mwakhala mukudandaula za denga pamene chimene chinali kukutsekerezani ndi pakamwa panga. Ngati mukwiye, kwiyani ndi ine, koma musakwiyire amayi aakulu, ndipo musalephere kubwera chifukwa cha ine.

Akupereka moni a Verónica ndi ana awo onse, a Ednilson, ndi a Filipa aja tinayandikana nawo kumsasa, amene akuti adzakuphikirani nyemba za kalongonda tsiku lofika. Amayi aakulu sanandipatse moni woti ndilembe, akuti wawo adzapereka okha ndi manja. Mundiperekere moni kwa alamu anga a Yonasi, ndipo kalatayi muwawerengere yonse, kuti akadzamva mphekesera adziwe kuti mkazi wawo sanaulule kanthu. Moni kwa apongozi anu, muwathokoze pokusungirani malo pamene kwanu kunali kotseka.

Moni womaliza ndi wa mlendo amene mwanyamulayo. Akadzafika, mudzamunong'oneze kuti malume ake alipo, sanathawe, angoima kutsidya kwa madzi mpaka amayi atawaitana.

Ndine mlongo wanu, ngati mukundilolabe kudzitcha choncho,

Olímpio